Nsapato ya Kumanzere ya Danto

Mukafunsa Mmanushi aliyense wa kuno kwathu, ife a mtundu wokhala m'makalavani, nyumba zokoka ndi galimoto zija, kuyambira ku Haguenau mpaka kumalire a Jeremani, kuti katswiri wopopa gitala anali ndani, sangakande m'mutu. Angoti Danto. Oimba gitala yotsogolera ndi ambiri, poti mnyamata aliyense pamsasa amafuna zala zake ziziuluka, atsikana azimuponyera maso. Koma wokhala pambali, wogwira nyimbo kuti isagwe, dzanja likungotsika ndi kukwera pa nsambo ngati munthu ali pamjigo, ameneyo ndi wosowa. Ntchito imeneyi timaitcha kupopa, ndipo ilibe ulemerero. Ukaigwira bwino palibe amakumva. Ukalakwitsa kamodzi, ngakhale galu wogona pansi pa kalavani amadzutsa mutu.

Danto anapopa zaka makumi awiri ndi chimodzi osaphonya. Sindikuthira mchere ayi. Paukwati, paubatizo, m'malo omwera khofi Lamulungu masana, nyimbo ikayamba ndi liwiro lakuti inkathanso ndi liwiro lomwelo, kaya kuzizire, kaya amwe, kaya akudwala dzino. Anyamata odzimva ochokera ku Paris ankabwerera dala kudzamuyesa. Ankamukoka kuti athamange, ankamuchedwetsa, ankamuthirira vinyo wosati wamasewera, koma ankabwerera kwawo manja ali lende. Amayi a pamsasa ankati dzira ukaliika m'madzi Danto akuyamba nyimbo, ukalivuula akumaliza, limapsa chimodzimodzi chaka chonse.

Mwini wake sankaoneka ngati munthu wotchuka. Anali wamfupi, wandevu za pamlomo, wosalankhulalankhula. Mkati mwa sabata ankayenda khomo ndi khomo m'midzi ya anthu a nyumba za njerwa, mtolo wa udzu uli kumsana, kuluka mipando yobooka. Sanakwatire. Akamunena kuti mkazi wake ndi gitala, ankangoti bola ameneyo sakalipa. Anali waukhondo mopitirira, ndipo m'mawa uliwonse, asanamwe n'khofi yemwe, ankakhala pakhomo la kalavani yake n'kupukuta nsapato mpaka kuwala. Chodabwitsa n'chakuti nsapato ya kumanzere inkatha msanga, osati kunsi koma pamwamba, pa zala. Chikopa chinkanyuka n'kulowa m'kati. Wosoka nsapato wa ku Haguenau anamufunsa kuti kodi amayenda chozondoka. Danto anaseka naye, koma kuyambira pamenepo anayamba kupita kwa wosoka wina.

Akuluakulu okha ndi amene ankakumbukira kuti Danto sanabadwe choncho. Ali mnyamata anadya mfulumira. Nyimbo ikamukomera, dzanja linkamuthawa, ovina n'kumapunthwa, woliza vayolini n'kumatukwana chamumtima. Amene ankamugwira anali mkulu wake, Mirano. Ndamutchula dzina chifukwa ine si wa magazi ake; abale ake enieni sangatero. Mirano ndiye ankatsogolera, ndipo zala zake zinali zina. Ankakhala kumanzere kwa mng'ono wake, maondo pafupifupi kugundana. Danto akangoyamba kuthamanga, Mirano sankacheuka, sankasiya kuimba, ankangotambasula mwendo n'kumuponda pa zala kawiri, chidendene chili pansi. Nyimbo ikatha ankamunong'oneza kuti, "Ukuthamangira kuti iwe? Apolisi akukuthamangitsa?"

Magitala awo anagula tsiku limodzi kwa mmisiri wina wa ku Italiya amene ankakhala ku Paris, ndipo anali ngati mapasa. Thabwa limodzi, mtundu umodzi, mabokosi akuda ofanana. Eni ake okha ndi amene ankadziwa kuti iyi ndi ya uje, akaigwira m'khosi.

Mirano anadwala chifuwa m'nyengo yothyola mphesa, ali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu. Masiku ake omaliza Danto ankakhala pambali pa bedi n'kumamupopera pang'onopang'ono, wodwalayo akugwedeza chala chaphazi m'bulangete. Atatisiya, tinachita zimene timachita. Titabwerako kumanda, kalavani yake anaikokera kumapeto kwa munda, pafupi ndi nkhalango, kuti ipse ndi zonse za m'kati: bedi, zovala, chipewa, kapu imene ankamwera, lumo lometera. Munthu azipita ndi zake. Ukasunga kanthu kake n'kumakagwiritsa ntchito, wamugwira mkono, ndipo sangafike kumene akupita. Izi amazidziwa ngakhale mwana wa dzulo.

Magitala onse awiri anali m'kalavanimo. Dzuwa lili paliwombo, anthu atazungulira, akuluakulu anauza Danto kuti alowe akatenge yake, ya malemuyo aigoneke pabedi. Analowa yekha. Anatsegula mabokosi onse awiri. Khosi la gitala ya mkulu wake linali lakuda ndi thukuta pamene chala chachikulu chinkakhala, ndipo linkanunkha fodya. Danto sanakonzekere kuba, ndipo ine sindimutcha wakuba. Anangoona kuti sangathe. Anagoneka yake pabedi, n'kutuluka ndi inayo pamaso pa anthu onse, palibe anaphethira. Moto utakolera anamva nsambo zikuduka m'katimo, ndipo ndi iye yekha amene ankadziwa kuti ikulirayo ndi yake. Draka, mkazi wa malemuyo, anali chigonere pansi atafunda kumutu.

Maliro atatha, Draka anatenga mwana wake wamkazi, Zina, n'kubwerera kwa abale ake kutali, kumapiri a ku Auvergne. Danto anakhala chaka chathunthu osakhudza nsambo, monga mwa mwambo.

Anayambanso pa ubatizo wa mwana wa msuweni wake, masana, panja pa kapinga. Mwa chizolowezi anasiya mpata kumanzere kwake. Nyimbo yoyamba inayenda. Yachiwiri inamukomera, ndipo dzanja linayamba khalidwe lake lakale. Pomwepo anamva phazi likumuponda pa zala, kawiri, chidendene chili pansi. Anayang'ana. Panali kapinga basi, ndi chitsekerero cha botolo. Koma dzanja linabwerera m'malo mwake lokha, poti linazolowera kumvera. Atamaliza, nkhalamba ina inamugwira paphewa n'kumuuza kuti chisoni chamukhwimitsa. Madzulo akuvula nsapato anapeza dothi pamwamba pa ya kumanzere.

Chaka choyamba ankaopa. Kawiri konse ananyamula gitalayo kuti akaiwotche, n'kubwerera panjira. Kenako mantha anazilala, m'malo mwake munalowa china chimene chinali choipa kuposa mantha: anayamba kukondwa. Aliyense pamsasa anataya wake n'kukhala wopanda, koma iye mkulu wake ankamupeza Lamulungu lililonse. Mpata wa kumanzere uja sankalola munthu kukhalapo. Ankati khosi la gitala limafuna malo. Anthu anazolowera. Agalu okha ndi amene sankanamizidwa. Galu wa pamsasa, ngakhale umuponyere fupa pamenepo, ankazungulira kumanja n'kulisiya.

Pa zina zonse Danto ankasunga mwambo kuposa aliyense. Dzina la mkulu wake silinatulukenso pakamwa pake. Nyimbo imene malemuyo ankaikonda sanaiimbenso, ndipo wina akaiyamba iye ankaimirira n'kuchokapo. Tsiku la Oyera Onse ankakhala woyamba kumanda, maluwa ali m'manja, n'kuthira vinyo pang'ono pamwala. Anthu ankamuloza pophunzitsa ana awo ulemu. Ndi mmene zimakhalira: amene wabisa chachikulu amasamala tating'ono.

Koma mlandu suwola. Chaka cha makumi awiri ndi chiwiri, masamba akuyoyoka, Zina anabwera pagalimoto akukoka kalavani, mayi ake ali m'katimo. Draka anali atatha, mafupa okhaokha. Madokotala anati Khirisimasi saiona, ndipo iye anati akafere pafupi ndi manda a mwamuna wake. Anabweranso ndi mdzukulu wake wamkazi amene anali pa chibwenzi ndi mnyamata wa pamsasa pathu, ndipo mabanja anagwirizana kuti ukwati uchitike Lamulungu lotsatira, agogo aone ndi maso. Uthenga unapita kutali kuti kudzapopa Danto.

Lachitatu masana Danto anapita kukamuzonda mlamu wake. Bedi analiika pafupi ndi khomo kuti wodwalayo aziona kunja. Danto anavula chipewa n'kukhala pampando, miyendo atatambasula. Anafunsana za moyo, za amene anamwalira ndi amene anabadwa. Draka anamuseka kuti wakalamba osalawa nkhonya ya mkazi. Kenako anasiya kuseka. Maso ake anali pansi, ndipo anakhala pamenepo nthawi yaitali. Anauza Zina kuti akatunge madzi, ngakhale ndowa inali yodzaza.

"Alamu, nsapatoyo wakupondani ndani?"

Danto anati zikopa za masiku ano n'zachabechabe, ungovala sabata imodzi zatha.

"Musandipusitse ine. Ndinakupukutirani nsapato zaka khumi mukudya pakhomo panga. Ndinkamukalipira mkulu wanu uja kuti akukutherani nsapato. Phazi la mwamuna wanga ndingalisowe?"

Danto anabweza mwendo n'kuubisa pansi pa mpando, ngati mwana. Draka sanakweze mawu, poti analibe mpweya wokwezera. Anamuuza kuti zaka zonsezi mwamuna wake sanamulotepo ngakhale kamodzi. Mayi ake ankabwera kutulo, bambo ake ankabwera, ngakhale khanda limene anataya lisanatchulidwe dzina linkabwera. Koma iye uja ayi. Draka anasiya kudya nsomba chifukwa malemuyo ankazikonda. Kumene kukulira gitala sankapondako. Amuna awiri anamufunsira, anawakana. Makandulo amene anayatsa akanadzaza ngolo. Ndipo usiku ndi usana ankadzifunsa kuti kodi anamulakwira chiyani mwamuna ameneyu kuti amufulatire chotere.

"Kani si ine," anatero Draka. "Kani unamumangirira pa mwendo wako ngati mbuzi, iwe Danto."

Aka kanali koyamba kumutchula kuti iwe. Danto anaweramitsa mutu n'kuulula zonse, za mabokosi awiri aja, za ubatizo, za agalu. Anati sankafuna kumuzunza, ankangomusowa.

"Ineyo sindinkamusowa?" anatero Draka. "Sindiuza munthu. Manyazi ako ndi ako. Koma ine ndili paulendo, ndipo ndikufuna ndikamupeze. Ndisakafike kumeneko n'kuuzidwa kuti sanafike."

Danto anatuluka chipewa chili m'manja, anaiwala kuchivala. Mumtima anayamba kukambirana ndi satana wake. Anati gitalayo aiwotcha Lolemba, ukwati utadutsa. Anthu achokera kutali, nanga awachititse manyazi eni ukwati? Kenako ankakumbukira mmene Draka ankapumira, ngati munthu wokwera phiri, n'kuona kuti Lolembalo mwina salifika. Tisamunamizire kuti ankaganiza za ukwati wokha. Ankadziwa kuti dzanja limene anthu ankalitama silinali lake, ndipo kuti Lamulungu, pamaso pa Amanushi a zigawo zitatu, adzatsala ndi lake lenileni. Ankadziwanso kuti akayatsa moto umenewo, mkulu wake amwalira kachiwiri, ndipo ulendo uno womupha ndi iye.

Lachisanu masana anadzitsekera m'kalavani, n'kutulutsa gitala. Anayamba kupopa yekha, ndipo anathamanga dala. Phazi linabwera. Koma silinaponde kawiri n'kuchoka monga mwa masiku onse. Linakhala pomwepo, lolemera, lozizira mpaka kuzizirako kunalowa m'chikopa n'kukwera m'mwendo. Danto anasiya kuimba. Phazi silinachoke. Kunja ana ankasewera mpira, mayi wina ankaitana nkhuku, wailesi ya munthu inkanena za nyengo.

"Achimwene," anatero Danto motsitsa mawu, "kodi mwatopa?"

Kulemerako kunangowonjezereka pang'ono, monga amachitira munthu amene waima nthawi yaitali akapeza potsamira. Danto analira monga sanalirire pa maliro paja.

Loweruka m'mawa, chisanu chili mbuu pa udzu, ananyamula bokosi ndi botolo la petulo n'kulowera kumapeto kwa munda kuja. Malowo anali atasintha, alimi anadzalapo chimanga n'kukolola, koma mtengo waukulu wa m'mphepete mwa nkhalango unali pomwepo. Galu wina wa pamsasa anamutsatira chapatali. Danto anatsegula bokosi, n'kukunga nsambo zonse bwinobwino kuti munthu asakalandire gitala yosakonzeka. Anaikamo kabatani ka jekete kamene ankakhwatchira nsambo, anavula nsapato zonse ziwiri n'kuziika pamwamba, anathira petulo n'kuyatsa.

Thabwa louma la zaka zambiri silichedwa. Nsambo zinayamba kuduka. Sizinaduke mwachisawawa monga zimachitira pamoto. Zinaduka imodziimodzi, mpata wake wofanana, ngati munthu akuwerengera anzake kuti nyimbo iyambe. Itaduka yachisanu ndi chimodzi, kunangoti zii. Danto anadikira mpaka phulusa, kenako anabwerera ndi masokosi okha pa chisanupo. Galu uja anamuthamangira n'kumayenda naye limodzi, akumukhudza mwendo wa kumanzere. Anthu pamsasa anamuona akulowa wopanda nsapato, wopanda bokosi, akununkha utsi. Palibe anafunsa, poti kwathu za akufa sitifunsana. Msuweni wake anangomutengera ku tauni kukagula nsapato zina.

Chakumadzulo dzuwa lisanalowe, Zina anabwera kudzamuitana. Anati mayi anagona tulo tamasana, tulo tabwino koyamba m'miyezi itatu, ndipo adzuka akufunsa alamu awo. Danto anapeza Draka atatsamira pilo, nkhope ili ngati ya munthu amene wangochoka kumene kosamba.

"Wabwera kutulo, alamu, mkulu wanu uja. Sanakalambe n'komwe, ndiye ine ndikaoneka ngati agogo ake. Wakhala pa kapinga, akukunga nsambo, fodya ali pakamwa." Anatseka maso, n'kutsegulanso. "Ali ndi magitala awiri. Inayo ndi yanu ija munaitumiza kale. Waitsamiritsa pampando wa kumanja kwake, ndipo pampandopo palibe wakhalapo."

Danto anaseka, n'kunena kuti akakafika amuuze asamaigwiregwire, amaiwononga makungidwe.

Lamulungu kunadzaza. Makalavani anafika mpaka kumsewu, nkhumba ziwiri zinali pamoto, vinyo ankatungidwa ndi jagi. Draka anamunyamulira pampando n'kumukhazika pakhomo, atamufunditsa mabulangete atatu. Anali asanamve gitala zaka makumi awiri ndi ziwiri. Danto anabwereka gitala ya msuweni wake, ndipo mpata wa kumanzere anauza woliza vayolini kuti akhalepo. Anthu anayang'anana.

Nyimbo yoyamba anaigwira ndi mano, thukuta lili kamukamu, ndipo inafika. Yachiwiri inali yokoma, ya ovina. Pakati pake Danto anamva dzanja likumuthawa. Anadziwa. Anadikira phazi, zala za kumanzere atazipinda kale m'nsapato yatsopanoyo. Palibe chinabwera. Woliza vayolini anamuyang'ana, mkwati anaponda diresi la mkwatibwi, anyamata a ku Paris aja anagundana zigongono. Danto anayesa kubweza dzanja koma linakana, ndipo anamaliza nyimbo yekha, anzake akadali m'mbuyo. Pabwalo ponse panagwa manyazi, anthu n'kumayang'ana m'makapu mwawo.

Kenako kunamveka kuseka, kofooka, kosakanikirana ndi chifuwa. Anali Draka.

"Eyaa, ameneyo ndiye mlamu wanga amene ndimamudziwa," anatero. "Apolisi akukuthamangitsani, alamu?"

Draka anatisiya patapita masiku asanu ndi anayi, ali m'tulo, ndipo Zina anati sanavutike. Danto anakhala zaka zina zisanu ndi chimodzi. Maukwati akuluakulu anasiya kumuitana, ndipo a ku Paris anapeza wina womutama. Anthu ena ankati ndi ukalamba, ena ankati ndi vinyo, iye sankatsutsa. Ankaluka mipando yake, Lamulungu n'kumapopera aliyense womulola, akuthamanga ngati mnyamata. Zinkamupweteka, tisabise. Nthawi zina nyimbo ikamuthawa ankayang'ana kumanzere, kenako n'kuyang'ana kumbali. Nsapato zimene anagula Loweruka lija sizinapitenso kwa wosoka.

Tinamupeza atatisiya tsiku lina la chilimwe, cha m'ma teni m'mawa, atakhala pakhomo la kalavani yake, gitala yobwereka ija ili pamiyendo, mutu utatsamira chitseko. Kunali kusanagwe mvula milungu itatu, pabwalo ponse panali fumbi louma. Burashi ndi polishi zinali pambali pake, chitini chosatseka. Nsapato ya kumanja inkawala. Pamwamba pa ya kumanzere, pa zala, panali dothi lonyowa, ndi timasamba tiwiri ta kapinga wobiriwira.

Tonse tinaona, ndipo palibe anafunsa mnzake. Titabwerako kumanda tinaziika pabedi pamodzi ndi chipewa chake, n'kukokera kalavani kumapeto kwa munda.